Ng'ombe Zikadya Kamunda Kamodzi M'munda Woyesera Mbeu

Caka ndi caka, mvula ikayandikira, alangizi a zaulimi amapempha alimi ena kuti apereke mbali ya munda wao ikhale munda woyesera. Pamenepo amakhoma zikhomo, namanga zingwe, nagawa malowo m'timinda ting'onoting'ono tofanana, ndipo kamunda kali konse kamalandira mbeu yaceyace kapena fataleza waceace. Anthu odutsa m'njira amaona timindati ndi kuyesa kuti ndi masewera a anthu ophunzira. Koma malangizo ambiri amene mlimi amamva pa wailesi ndi pa misonkhano, onena za mbeu yoyenera dera lace ndi matumba a fataleza oyenera lima imodzi, amacokera m'timinda totere: tina ta ku Msekera pafupi ndi Chipata, tina ta ku Mount Makulu pafupi ndi Chilanga, tina ta m'minda ya alimi eni ace. Kuwerenga kukalakwika kumeneko, colakwaco cimafika m'nkhokwe za anthu ambiri amene mundawo sanauone n'komwe.

Phunziro lino liri pa mafunso awiri amene amabvuta owerenga zokolola za m'minda yotere. Loyamba ndi ili: acite ciani kamunda kamodzi kakaonongeka, zokolola zace osapimidwa? Laciwiri: angadziwe bwanji ngati zinthu ziwiri, monga mbeu ndi fataleza, zikuthandizana, kapena ciri conse cikugwira nchito pacokha? Mafunsowa aoneka ngati osiyana, koma ali ndi pokumana, ndipo pamenepo mpamene ngozi yaikulu iri.

KAYALIDWE KA MUNDA

Munda suli cimodzimodzi ponse. Mlimi ali yense adziwa kuti kumtunda kwa munda wace nthaka ndi ya mcenga, kumunsi kufupi ndi dambo ndi yakuda, ndipo pamene panali khola lakale cimanga cimakula codabwitsa. Motero munthu akabzala mbeu ina kumtunda ndi ina kumunsi, nakolola zambiri kumunsi, sanayese mbeu ai, wayesa nthaka.

Nzeru yopewera bvuto limeneli inakulira ku Rothamsted, m'dziko la England, kumene John Bennet Lawes ndi Joseph Henry Gilbert anayamba kuyesa manyowa ndi fataleza pa tirigu m'caka ca 1843. Munda wao wochedwa Broadbalk ukulimidwabe tirigu kufikira lero. M'caka ca 1919 kunafika katswiri wa masamu, Ronald Fisher, amene anapatsidwa mabuku a zokolola a zaka zambirimbiri kuti aone cimene angaphunziremo. Iye analimbikitsa malamulo atatu. Ciri conse coyesedwa ciikidwe m'timinda tingapo, osati kamodzi kokha. Munda ugawidwe m'zigawo, cigawo ciri conse cikhale pa nthaka yofanana, ndipo m'cigawo ciri conse mukhale zonse zimene zikuyesedwa. Ndipo malo a kamunda kali konse m'cigawomo asankhidwe mwa maere, kuopa kuti woyesayo angaike mbeu imene aikonda pa nthaka yabwino, ngakhale mosadziwa.

Kale anthu ankakonda kuyesa cinthu cimodzi pa nthawi imodzi: caka cino mbeu, caka ca mawa fataleza. M'caka ca 1926 Fisher analemba kuti nkwabwino koposa kuyesa zinthu zingapo pamodzi m'munda umodzi, pophatikiza ciri conse ndi cinzace. Mbeu zikakhala ziwiri, ya makolo ndi ya haibulidi, ndipo fataleza n'kukhala wothira kapena wosathira, njira zimakhala zinai: ya makolo yopanda fataleza, ya makolo ya fataleza, haibulidi yopanda fataleza, ndi haibulidi ya fataleza. Zigawo zikakhala zitatu, timinda tonse timakhala 12.

Manambala ali m'munsiwa sanatengedwe m'munda wina uli wonse. Asankhidwa cabe kuti masamu akhale osabvuta kutsata. Kamunda kali konse ndi ka mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, kotero kuti timinda 25 totere timadzaza lima imodzi, pakuti lima ndi gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala. Zokolola ziri m'makilo a cimanga couma, cotongola.

Cigawo ca kumtunda: ya makolo yopanda fataleza 9, ya makolo ya fataleza 14, haibulidi yopanda fataleza 10, haibulidi ya fataleza 22.

Cigawo ca pakati: 10, 17, 12, 26.

Cigawo ca kumunsi: 11, 20, 14, ndipo kacinai palibe.

Palibe cifukwa usiku wina ng'ombe za m'mudzi zinathyola mpanda wa kumunsi, zinalowa m'kamunda kamene kanali pafupi ndi mpandawo, ndipo pofika m'mawa munangotsala zitsa.

NJIRA ZITATU ZODZAZIRA MPATA

Wolemba wosazolowera akaona mpata m'buku amalembapo ziro. Kenaka amaphatikiza 22 ndi 26 ndi ziro, napeza 48, nagawa patatu, napeza 16. Ya makolo ya fataleza, pophatikiza 14 ndi 17 ndi 20 ndi kugawa patatu, ikupereka 17. Ndiye kuti buku likunena kuti haibulidi yothiridwa fataleza yagonja kwa cimanga ca makolo, ndi kuti ndalama yogulira mbeu ingotayika. Bodza lotere liribe woliyamba. Lacokera pa ziro mmodzi. Pakuti ziro ndi nambala, ndipo imanena kuti mbeu inabzalidwa, inapaliridwa, inafika nthawi yokolola, koma sinabereke kanthu. Zimenezo sizinacitike. Mpata ndi ziro ndi zinthu ziwiri zosiyana, monga momwe mwana amene sanabwere ku mayeso asiyanira ndi mwana amene analemba nalakwa zonse.

Wina wocenjera pang'ono amasiya mpatawo, nagawa 48 pawiri, napeza 24. Uyu ali pafupi ndi coona, koma sanafike. Njira zitatu zija zinapimidwa m'zigawo zonse, pamodzi ndi ca kumunsi cimene ciri ndi nthaka yabwino koposa. Haibulidi ya fataleza yokha ndiyo yapimidwa pa nthaka yocepa mphamvu. Yamanidwa gawo lace la nthaka yakuda. M'citsanzo cino kucepako ndi kilo imodzi yokha, koma m'munda umene cigawo cimodzi ciri pa khola lakale kungakhale kwakukulu ndithu.

Njira yacitatu inalembedwa m'caka ca 1930 ndi Frances Allan, mai wa ku Australia, pamodzi ndi John Wishart, ali ku Rothamsted. Ndipo m'caka ca 1933 Frank Yates anaikulitsa kuti igwire nchito ngakhale timinda tosowa tikhale tingapo. Yates ameneyu, asanafike ku Rothamsted m'caka ca 1931, anali wopima malo ku Gold Coast, dziko limene tsopano likuchedwa Ghana, ndipo opima malo azolowera kugwirizanitsa miyeso yosagwirizana bwino.

Nzeru yace ndi yoti timinda totsala tifunsidwe mafunso awiri. Kodi njira yosowayi imaposa zinzace ndi makilo angati kumene inapimidwa? Nanga zinzacezo zinapereka zingati m'cigawo cimene iyo yasowa? Kumtunda, njira zitatu zinazo zinapereka 9, 14 ndi 10, pamodzi 33, ndiwo makilo 11 pa kamunda. Haibulidi ya fataleza inapereka 22, ndiye kuti inaposa ndi 11. Pakati, zitatuzo zinapereka 39, ndiwo makilo 13 pa kamunda. Iyo inapereka 26, kuposa ndi 13. Pakati pa 11 ndi 13 pali 12. Kumunsi zitatuzo zinapereka 45, ndiwo makilo 15 pa kamunda. Kuonjeza 12 pa 15 kukupereka 27, ndipo iyi ndiyo nambala yoyenera kuima pa mpata uja.

M'mabuku a zaulimi lamulo lomweli limalembedwa mwacidule motere. Zokolola zotsala za njira yosowayo, 48, zicurukitsidwe ndi ciwerengero ca njira, 4: zipereka 192. Zokolola zotsala za cigawo cobvutikaco, 45, zicurukitsidwe ndi ciwerengero ca zigawo, 3: zipereka 135. Pamodzi 327. Pamenepo pacotsedwe zokolola zonse za timinda 11, zimene ziri 165: patsala 162. Izi zigawidwe ndi 6, nambala imene ipezeka pocotsa 1 pa njira zinai ndi 1 pa zigawo zitatu, ndi kucurukitsa 3 ndi 2. Yankho ndi 27 yemweyo. Tsono haibulidi ya fataleza iri ndi 22, 26 ndi 27, ndiwo makilo 25 pa kamunda.

Koma pano pafunika kucenjera. Nambala 27 si cimanga. Palibe amene angaikonole ndi kuphika nsima. Ndi mwala woika pa mpata kuti masamu asapendekeke, ndipo yapangidwa kucokera ku timinda 11 tija, siikuonjeza umboni watsopano. M'munda wa njira zinai ndi zigawo zitatu, masamu amapeza mboni 6 zoonetsa kukula kwa kusiyana kongocitika mwamwai pakati pa timinda. Kamunda kamodzi kakasowa, mbonizo ziwerengedwe 5. Amene aiwala kucotsa imodziyo ali ngati woweruza pa bwalo amene wamva mboni imodzi kawiri nayesa kuti ndi anthu awiri. Masiku ano makompyuta amawerenga timinda totsala mwacindunji popanda kudzaza mpata, ndipo akauzidwa bwino amapeza yankho lomweli. Koma kompyuta ikapatsidwa ziro, imalandira ziroyo mosafunsa.

PAMENE ZIWIRI ZIPOSA KUPHATIKIZA KWAO

Tsopano pali manambala anai: ya makolo yopanda fataleza 10, ya makolo ya fataleza 17, haibulidi yopanda fataleza 12, haibulidi ya fataleza 25.

Munthu akafunsa kuti fataleza waonjeza makilo angati, yankho limodzi silikwanira. Pa cimanga ca makolo waonjeza 7, kucokera pa 10 kufika pa 17. Pa haibulidi waonjeza 13, kucokera pa 12 kufika pa 25. Wina angaphatikize 7 ndi 13, nagawa pawiri, nalengeza kuti fataleza aonjeza makilo 10. Masamu ace ngoona, koma palibe mlimi amene adzaona 10 ameneyo m'munda mwace: wa mbeu ya makolo adzakhumudwa, wa haibulidi adzadabwa. Cimodzimodzi ndi mbeu. Popanda fataleza haibulidi yaposa ya makolo ndi makilo 2 okha. Ndi fataleza yaposa ndi 8.

Cofunika kupima ndico kusiyana kwa zosiyanazo. 13 kucotsapo 7 kutsala 6. 8 kucotsapo 2 kutsalanso 6. Njira iri yonse imene munthu angadzere, afika pa 6. Angathenso kuona motere: mbeu ndi fataleza zikadakhala zosadziwana, ciri conse cikugwira nchito yace pacokha, haibulidi ya fataleza ikadapereka 10, kuonjeza 7 wa fataleza, kuonjeza 2 wa mbeu, pamodzi 19. Koma yapereka 25. Makilo 6 apamwambawo si a mbeu yokha, si a fataleza yekha. Ndi a mgwirizano wa ziwirizo. Pa lima imodzi, makilo 6 kucurukitsa ndi timinda 25 ndi makilo 150, ndiwo matumba atatu a makilo 50. Mabuku ena amagawa 6 ameneyu pawiri nalemba 3. Ndi cizolowezi ca kalembedwe cabe, koma woyerekeza malipoti awiri ayambe waona cizolowezi cimene ali yense watsata.

Mgwirizano wotere si wa pa pepala pokha. Mbeu ya haibulidi yochedwa SR52, imene inatulutsidwa ku Southern Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, m'caka ca 1960, niifalikira kwa alimi a kuno, inachuka cifukwa ca zokolola zace zambiri. Koma inali mbeu yocedwa kukhwima, yofuna kubzalidwa msanga ndi kudyetsedwa bwino, ndipo mphamvu yace inkaonekera kwa amene anaipatsa zimenezo. Fataleza wapansi ndi wapamwamba nayenso amadalirana. Compound D ali ndi magawo 10 pa 100 a nayitirojeni, 20 a fosifeti ndi 10 a potashi. Urea ali ndi magawo 46 pa 100 a nayitirojeni basi. Pa nthaka yosowa fosifeti, urea wocuruka sapindula monga akadapindulira mizu ikadapeza fosifeti poyamba. Akatswiri awiri a ku Germany, Carl Sprengel ndi Justus von Liebig, anaphunzitsa kale m'zaka za m'ma 1800 kuti mbeu imakula molingana ndi cakudya cimene cacepa koposa. Mtsuko wobooka m'mbali sudzala kupitirira pa cibooco, ngakhale madzi atungidwe tsiku lonse. Ndi cifukwa cacenso kumadera a mvula yambiri a kumpoto kwa Zambia, kumene nthaka zambiri ndi zowawasa, laimu amathandiza fataleza kugwira nchito.

Mgwirizano ungakhalenso wobwerera m'mbuyo. Manyowa a m'khola ndi fataleza nthawi zina zimapereka pamodzi zocepera kuphatikiza kwa zimene ciri conse cipereka pacokha, popeza zikubweretsa cakudya cofanana ndipo mbeu iri ndi polekezera. Izi sizitanthauza kuti cimodzi cikuononga cinzace. Zitanthauza kuti thumba lotsiriza silibweza ndalama monga loyamba.

POKUMANA MAFUNSO AWIRIWA

Kuti mgwirizano upimidwe pafunika manambala onse anai: 25 kucotsa 12, kucotsa 17, kuonjeza 10. Colakwa ciri conse pa imodzi ya manambalawa cimalowa cathunthu m'yankho. Wolemba ziro uja anapeza 16 m'malo mwa 25, kulakwa ndi 9. Kwa iye fataleza waonjeza 4 yekha pa haibulidi, pamene pa ya makolo waonjeza 7. Ndiye kuti mgwirizano wa makilo 6 opita patsogolo wasanduka makilo 3 obwerera m'mbuyo. Sikuti yankho lacepa cabe, latembenuka. Koma nambala ija ya pakati, 10, yatsika kufika pa 5 ndi theka, kulakwa ndi 4 ndi theka yekha. Motero mgwirizano ndiwo umapweteka koposa.

Ngakhale popanda ng'ombe, mgwirizano ndi wobvuta kupima. Kusiyana kongocitika mwamwai kumaugwedeza kawiri kuposa momwe kumagwedezera nambala ya pakati, ndipo masamu aonetsa kuti pofuna kuupima molondola mofanana ndi nambala ya pakatiyo pafunika timinda tocuruka kanai. Cifukwa cace lipoti likanena kuti mgwirizano sunaoneke m'munda wa timinda 12, munthu asafulumire kunena kuti kulibe. Kawiri kawiri mundawo unali waung'ono kosatha kuuona.

Nanga ng'ombe zikadadya timinda tonse titatu ta haibulidi ya fataleza? Pamenepo palibe lamulo la masamu limene lingathandize. Munthu angathe kulemba 19, pophatikiza 10 ndi 7 ndi 2, koma potero wayamba wavomereza kuti mgwirizano kulibe, ndipo akadzapima mgwirizanowo adzapeza ziro, amene anamuika yekha. Yankho loona ndi lakuti funso la mgwirizano silinayankhidwe caka cimeneco. Zimene zingadziwike ndi ziwiri zokha: cimene fataleza acita pa cimanga ca makolo, ndi momwe mbeu ziwirizo zisiyanira popanda fataleza. Pano paonekanso phindu la maere. Timinda titatu ta njira imodzi tikadandandalikidwa tonse m'mbali mwa mpanda, usiku umodzi ukadatimaliza, maere amatimwaza.

KAMUNDAKO KASOWA CIFUKWA NINJI?

Funso ili liposa masamu onse ali pamwambawa, ndipo woliyankha si katswiri wa mu ofesi, koma munthu amene anali pa munda.

Lamulo la Allan, Wishart ndi Yates ndi loyenera pamene cionongekoco ciribe kanthu ndi cimene cikuyesedwa. Ng'ombe zinadya kamunda kaja cifukwa kanali pafupi ndi pothyoka mpanda. Mbeu ina iri yonse ikadakhala pamenepo ikadadyedwa. Cimodzimodzi madzi akasefukira nakokolola ngodya imodzi, njovu zikadutsa monga zicitira m'cigwa ca Luangwa, kapena matumba awiri akasokonezeka pa ngolo.

Koma kamunda kangakhale kopanda zokolola cifukwa ca coyesedwaco. Fataleza akaikidwa mokhudza mbeu nazitentha, zosamera. Mbeu ina ikafa ndi matenda pamene zinzace za pambali ziri zobiriwira. Kaufiti akagonjetsa mbeu imodzi, kapena mbozi zacilendo zija zimene zinafika m'Zambia kumapeto kwa 2016 zikadya mbeu imodzi koposa zinzace: pamenepo palibe cosowa. Zokolola zocepazo, ngakhale zikhale ziro, ndizo yankho lenileni la mayeso, ndipo zilembedwe monga ziri. Kudzaza malo otere ndi nambala yopeka ndiko kubisa cilema ca mbeu, ndi kuituma m'minda ya anthu iri ndi mbiri yabwino imene sinaigwirire nchito. Ziro amene anali bodza pa ng'ombe, pano ndiye coona.

Pali zina za pakati zobvuta kuweruza. Wakuba mondokwa samasankha mwa maere. Amapita pa zinsonkho zazikulu. Anyani nawonso amatero. Mbalame zimakonda mapira oyera ndi kusiya ofiira owawa. Kamunda kobedwa kawiri kawiri ndiko kamene kakadapereka zambiri, kotero kuti timinda totsala timapeputsa njira imeneyo. Komanso mlimi afunika kudziwa kuti mbeuyo imaitana mbalame, popeza mbalamezo zidzabwera ndi kwace komwe. Zotere zilembedwe m'mau, osati m'manambala okha. M'caka ca 1976 katswiri wa ku America, Donald Rubin, anafotokoza m'masamu kusiyana kumeneku: kusowa kumene kungalongosoledwe ndi zinthu zolembedwa kale m'buku, ndi kusowa kumene kwabwera cifukwa ca kukula kapena kucepa kwa cinthu cosowaco. Koyambako masamu angakukonze. Kwaciwiriko sangakukonze paokha, ngakhale kompyuta ikhale yamphamvu bwanji.

Bvuto lomweli limaoneka pa mayeso a m'minda ya alimi ambiri. Alimi 20 akalandira mbeu yoyesa, ndipo 14 okha n'kubweretsa zokolola ku sikelo, funso loyamba ndi la 6 otsalawo. Ngati ena anasamuka kapena anadwala, palibe cobvuta cacikulu. Koma ngati anakhala kunyumba cifukwa ca manyazi, mbeu itakanika m'minda mwao, ndiye kuti 14 aja ndi opambana okhaokha, ndipo nambala yao idzakweza mbeuyo kuposa muyeso wace. M'caka ca cilala, monga dzinja la 2023 mpaka 2024, pamene Boma linalengeza pa 29 February 2024 kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, kamunda kouma ndi kamunda konena zambiri koposa: ndiko kamene kamaonetsa mbeu yopirira ndi yosapirira. Kutaya timinda totere m'buku ndiko kutaya phunziro limene silipezeka m'zaka za mvula yabwino.

ZA MWINI MUNDA

Mlimi wosunga munda woyesera kawiri kawiri amacita manyazi kamunda kakaonongeka, ngati kuti walephera kusamalira cinthu ca alendo. Ena, pofuna kukondweretsa mlangizi, amatapa cimanga ca m'munda waukulu ndi kudzaza thumba la kamunda kodyedwa. Mtima wace ngwabwino, koma cocitaco ncoipa kuposa ziro, pakuti ziro amaoneka m'buku ndipo angafunsidwe, pamene thumba lodzazidwa limaoneka ngati loona. Cimodzimodzi kubzalanso mbeu ina m'mapando osamera popanda kunena, kuthira fataleza pa kamunda kamene kanayenera kukhala kopanda fataleza cifukwa kakucititsa cisoni, kapena kulola ana kuthyola mondokwa m'timindamo. Kamunda kacikasu kopanda fataleza kaja kali pa nchito yace: popanda 10 ndi 12, manambala 17 ndi 25 sanena kanthu.

Kamunda kakaonongeka mbali imodzi yokha, sikanatayike konse. Mlangizi angathe kukolola mizere yotsala yosakhudzidwa, kupima kukula kwa malo okololedwawo, ndi kuwerenga mapesi amene aima. Koma sangangocurukitsa zokolola molingana ndi mapesi osowa, pakuti phesi loyandikana ndi mpata limapeza dzuwa, madzi ndi cakudya ca mnzace wosowayo, nilibereka koposa muyeso. Ndi cifukwa comweco mizere ya m'mphepete mwa kamunda kali konse siiwerengedwa, popeza mizu yace imaba cakudya ca kamunda koyandikana nako.

Cimene mlangizi afuna kwa mwini munda ndi mau ocepa olembedwa tsiku lomwelo, m'kabuku ka sukulu kapena pa cikepe ca thumba: nambala ya pa cikhomo ca kamundako, tsiku, cimene cinaononga, mizere ingati yakhudzidwa, ndiponso ngati timinda toyandikana nato takhudzidwa kapena tasiyidwa. Mfundo yotsirizayi ndiyo imathandiza kusiyanitsa ngozi ndi cilema ca mbeu. Ciswe cikadya timinda titatu toyandikana ta mbeu zosiyana, mlandu ndi wa culu ca pafupi. Cikadya mbeu imodzi m'zigawo zonse zitatu ndi kusiya zinzace, mlandu ungakhale wa mbeuyo. Pa nthawi yokolola, thumba liri lonse likhale ndi cizindikiro ca kamunda kace mkati ndi kunja, ndipo la kamunda kodyedwa ndi ng'ombe lipite ku sikelo lopanda kanthu, pamodzi ndi kapepala kace.